Nyumba Imene Inatsala Kunja kwa Mpanda

Mukachoka pa Boma la Chiradzulu n'kutsata msewu wafumbi wozungulira phiri, mudzafika pamene msewuwo umathera pa geti lachitsulo. Kumanzere kwa getilo, pansi pa mitengo iwiri ya mango, pali nyumba imodzi ya malata akale. M'nyumbamo mumakhala mayi Faida, amene achikulire amawatchulabe Abiti Sabiti potengera dzina la malemu bambo awo. Kale nyumbayi inali yakumapeto kwa mudzi wa Nakoma. Lero mudzi wonse ndi nyumba yomweyo.

Anabadwira pomwepo, m'kanyumba kaudzu kamene kanali kuseli kwa nyumba ilipo leroyi. Bambo awo anali telala, ankasoka pakhonde la sitolo ina pa Boma. Sukulu mayi Faida analekezera Sitandade 5, chaka chimene mayi awo anayamba kudwala miyendo, popeza panalibe wina wotunga madzi. Atakula anakwatiwa ndi a Bilal a ku Namitambo, amene anabwera kudzamanga kwa mkazi monga timachitira kuno. Ana anabereka atatu, koma anakula ndi mmodzi, Zuwena.

A Bilal ndi khasu sankagwirizana. Chimene ankachidziwa ndi phiri. Njira yokwerera phirilo inkadutsa pakhomo pawo penipeni, ndipo iwo ankakwera mobisa kukadula mitengo yogulitsa, kumathamangitsana ndi alonda a nkhalango. Loweruka lina m'nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba phiri lonse, anapeza azungu atatu atakhala pamwala akunjenjemera, njira itawasokonekera. Anawatsitsa mpaka pakhomo, mayi Faida n'kuwaphikira tiyi ndi chinangwa. Posakhalitsa azunguwo anabweranso ndi anzawo, akufunsa dzina la a Bilal. Nkhwangwa yawo inayamba kuchita dzimbiri kuseli kwa chitseko.

Kwa zaka zambiri Loweruka linali tsiku lalikulu pakhomo pa mayi Faida. Magalimoto ankaima pansi pa mkuyu umene unali kutsogolo kwa nyumba. Kunkabwera azungu a ku Blantyre ovala nsapato zolemera, ana a sukulu ndi aphunzitsi awo, amayi a mapemphero, komanso alendo ena amene ulendo wawo unali wokaona njovu ku Liwonde koma ankafuna kuongolako miyendo panjira. A Bilal ankawatsogolera kumtunda. Mayi Faida ankatsala pansi kuyang'anira magalimoto ndi kukazinga mandasi. Alendowo akatsika ankakhala pamkeka mumthunzi, kuvula nsapato, kumauzana za apusi amene awaona ndi m'mene Mulanje waonekera. Chingerezi mayi Faida ankangotolapo mawu apa ndi apo, koma phokosolo ankalikonda.

Nyumba yoyandikana nayo inali ya mayi Doreen, mayi wamasiye wa Chilomwe, wa mpingo wa Katolika. Awiriwa anakulira limodzi, ndipo pakati pa nyumba zawo panalibe mpanda, koma chingwe choyanikapo zovala chimene ankagwiritsa ntchito onse. Mayi Doreen akafuna kudya nkhuku ankaitana a Bilal kuti adzazinge, n'cholinga choti mnzawo adyeko. M'mwezi wa Ramadani ankadyera m'nyumba atatseka chitseko, ngakhale mayi Faida ankawauza kuti asavutike. Madzulo ankakhala pakhonde limodzi kusenda nandolo, nkhani zake zosatha.

Chaka cha matenda a korona alendo anasiya kubwera. A Bilal anayesa kulima tomato kudambo, sizinawayendere. Anagulitsa njinga n'kunena kuti akupita ku Joni, komwe kunali kale anzawo a ku Namitambo.

“Ndikangopeza ya malata atsopano ndibwerako, amake Zuwena,” anatero atanyamula chikwama.

Poyamba ankaimba foni Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti. Kenako mwezi unkatha osaimba. Zuwena naye anakwatiwa n'kupita ku Bangwe, kwa mwamuna wake woyendetsa minibasi.

Matenda atachepa alendo anayambanso kubwera mmodzimmodzi. Oyamba anali a Geoffrey ndi akazi awo mayi Sophie, anthu achikulire a ku Blantyre amene ankakonda kudzaona mbalame. A Geoffrey anali atapuma ntchito ya ku banki. Anatsika m'galimoto n'kufunsa za a Bilal.

“Ali ku Joni, bambo,” anayankha mayi Faida.

“Ndiye atiperekeza ndani? Ifetu timasokonezeka tikafika pamphambano paja.”

Mayi Faida anayang'ana mayi Doreen, amene ankatsuka mbale pathandala.

“Pitani, achemwali,” anatero mayi Doreen. “Nkhuni si mumatola komweko? Mandasiwo ndikugulitsirani.”

Mayi Faida anamanga chitenje chachiwiri m'chiuno, kuvala nsapato zapulasitiki, n'kutsogola. Njira ankaidziwa mpaka pamene amayi amalekezera potola nkhuni. Kuchokera pamenepo ankangotsata zimene amuna awo ankawafotokozera: mwala wong'ambika, kamtsinje kouma, mtengo wa masuku wopendekeka. Atafika pamwamba anaima n'kuyang'ana kumunsi. Zaka zonsezo anali asanaonepo kwawo ali kumtunda. Mudzi wonse unali m'munsi mwawo, minda ya nandolo, dambo lobiriwira, mkuyu ngati kachitsamba. Mayi Sophie anawabwereka magalasi oonera patali, ndipo atawayika m'maso anaona mayi Doreen akuthamangitsa mbuzi pa beseni la mandasi ndi chipande. Anaseka mpaka misozi.

Kuyambira tsiku limenelo ndiwo ankaperekeza alendo. Anthu ena ankanena kuti sizoona mkazi wa mwini kumayenda m'tchire ndi amuna achilendo. Zinawafika m'makutu, koma Loweruka likakwana ankavalabe nsapato zawo zija.

Kenako kunabwera anthu a kampani ya magetsi a dzuwa. Anayamba ndi kuyendayenda m'minda atanyamula zoyezera, kenako anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anafotokoza kuti malo a m'munsi mwa phiri ndi athyathyathya, dzuwa limawomba bwino, ndipo nthambo zikuluzikulu za magetsi sizili patali. Anati aliyense amene nyumba kapena munda wake ulowe mumpanda alandira chipepeso. Ambiri anakondwa, ndipo palibe angawanene. Nthaka ya pamenepo inali itatopa, chimanga popanda feteleza sichinkafika ndi m'chiuno momwe.

Atabwera kudzakhoma zikhomo zansalu zofiira, mzere unadutsa pakati pa nyumba ya mayi Faida ndi ya mayi Doreen, pansi penipeni pa chingwe choyanikira chija. Nyumba zonse za m'mudzimo zinali mkati. Ya mayi Faida yokha, ndi kamunda kakuseli, zinatsala kunja. Anapita kwa bambo amene ankayezayo.

“Bambo, bwanji osangosuntha chikhomochi pang'ono, ndipite nawo anzanga?”

“Mayi, nyumba yanu ili pamiyala, ndiponso potsetsereka. Sitingaikepo kanthu. Inuyo ndiye muli ndi mwayi, simusamuka.”

Anathokoza n'kubwerera.

Anthu anasamuka mwezi umodzi, atangokolola. Ena anapita kwa abale ku Mikolongwe, ena anagula malo kufupi ndi Boma, achinyamata ambiri analowera ku Limbe. Mayi Doreen anapeza malo ku Namitambo, pafupi ndi msika. Tsiku losamuka mayi Faida anawathandiza kumanga mitolo ndi kugwira nkhuku. Ana a mayi Doreen anakanganula malata ndi zitseko n'kukweza mulole, nyumba n'kutsala zipupa zokha.

“Ku Namitambo si kutali,” anatero mayi Doreen. “Pa njinga yamoto ndi kanthawi kochepa.”

“Si kutali.”

“Muzibwera, amake Zuwena.”

“Ndizibwera.”

Mayi Doreen anakhala pamwamba pa matumba a chimanga atagwira mtanda wawo wamatabwa kuti usathyoke. Lole itanyamuka sanayang'ane m'mbuyo. Pambuyo pake anadzauza mnzawo kuti akanayang'ana akanatsika.

Akatapila anabwera n'kugwetsa zipupa, kuzula mitengo, kukwirira dambo. Mkuyu unawavuta, anachita kuukumba mizu mbali zonse usanagwe. Fumbi linkalowa mpaka mumtsuko wa madzi. Komabe miyezi imeneyo sinali yoipa kwenikweni kwa mayi Faida. Antchito anali ambiri, ankagula mandasi ndi tiyi m'mawa uliwonse, ena ankasiya njinga zawo pakhonde. Pakhomo panali phokoso kuposa Loweruka lakale. Koma ntchito itatha onse anachoka sabata imodzi, n'kutsala alonda ochepa ndi amisiri amene ankabwera pagalimoto n'kumadyera mkati.

M'mawa wina mayi Faida anatuluka panja n'kupeza kuli zii. Kutsogolo kwawo, kuseli kwa waya, kunali mizere ya mapanelo akuda kuyambira pamene panali mkuyu mpaka kumene kunali dambo. Dzuwa litakwera ankanyezimira ngati madzi. Masiku oyamba akakowa ankabwera n'kumazungulira pamwamba pake, kenako n'kubwerera. Panalibe tambala wa munthu wina wolira, panalibe mwana wodutsa kupita kusukulu.

Njira ya kuphiri inalowa mumpanda. Woti akwere tsopano ankayenera kukayambira mbali ina, kufupi ndi Boma, kumene kunali anyamata awoawo operekeza alendo. Kwa kanthawi magalimoto ankafikabe pa geti chifukwa cha chizolowezi. Ankaima, anthu n'kutsika, kuyang'ana mapanelo, kuyang'ana phiri. Mayi Faida ankawalozera kokhotera. Mzungu wina wamkazi amene ankabwera kawirikawiri anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno, anapukusa mutu, anawagwira mayi Faida paphewa n'kukwera galimoto. Sanabwerenso. Amayi a mapemphero nawo anapeza phiri lina. Mafuta okazingira mandasi anatsala m'botolo mpaka anayamba fungo.

Mukawafunsa mayi Faida, sanena kuti magetsiwo ndi oipa. Sukulu inalandira magetsi, chigayo chinabwera pafupi, ndipo Zuwena atabwera kudzachira mwana wake woyamba, pachipatala chaching'ono cha kuno panali powala, osati zounikira ndi tochi ya foni ngati kale. Nawonso a kampani anawalumikizira babu limodzi ndi potchajira foni. Amangoti babulo limaunikira munthu mmodzi.

Zinthu zinasintha chifukwa cha mbuzi. Anali nazo zingapo, za mtundu umene anawasiyira mayi awo, ndipo msipu wake wonse unali utalowa mumpanda. Tsiku lina masana anaona bambo wamtali wovala chipewa chachikasu akubwera akukoka mbuzi yawo yaikazi pachingwe. Anali a Stanford, kapitawo wa pamalopo, munthu wa ku Rumphi wolankhula modekha.

“Mayi, mbuzi iyi ndi yanu?”

“Ndi yanga, akapitawo. Yalakwanji?”

“Yadutsa pansi pa waya, yakwera pa panelo, ndiye yatafuna nthambo. Mzere wonse wazima.”

Mayi Faida anaganiza za apolisi a pa Boma. Anatulutsa mpando n'kuteleka tiyi. A Stanford anakhala, anavula chipewa, n'kumayang'ana pabwalo losesedwa bwino, lopanda phazi la munthu wina.

“Mumakhala nokha kuno?”

“Ndi mbuzizi.”

“Inenso banja lili kumudzi. Ndimapitako pa Khirisimasi.”

Anamwa tiyi osafulumira. Kenako anafotokoza vuto limene linkawasowetsa mtendere. Udzu pansi pa mapanelo unkakula msanga chifukwa cha mthunzi ndi madzi otsukira. Akatchetcha ndi makina, timiyala tinkathamanga n'kuswa magalasi. Akausiya, chilimwe chikafika ankaopa moto.

“Kwina amalowetsamo nkhosa,” anatero. “Mbuzi ayi, mwaona nokha. Koma nkhosa sikwera pachinthu, siyang'ananso kumwamba. Imangodya. Mutakhala nazo, ndikhoza kukamba ndi mabwana kuti muzidyetsera mkatimu, tizikulipirani ngati wantchito.”

“Nkhosa sindinawetepo.”

“Sizivuta. Zimangofuna munthu wokhala nazo.”

Mayi Faida anaganizira nkhaniyo sabata yathunthu popanda womufunsa nzeru. Anayesa kuimbira a Bilal, foni sinkapezeka. Pamapeto pake anaitana ogula mbuzi. Tsiku limene anadzazitenga anazimanga miyendo n'kuzikweza panjinga zikulira, ndipo mayi Faida analowa m'nyumba mpaka kulirako kutasiya kumveka. Nkhosa anakagula kwa mlimi wina wa kufupi ndi Mikolongwe, galimoto ya kampani n'kukazitenga.

Umu ndi m'mene analowera mumpanda. M'mawa uliwonse mlonda amawatsegulira geti, iwo patsogolo, nkhosa pambuyo. Anawapatsa jombo ndi chovala chonyezimira chimene amavala pamwamba pa bulauzi. Mkatimo munthu amayenda chowerama. Mapanelo amatembenuka okha kutsatira dzuwa, ndipo akamatembenuka amalira pang'ono ngati chitseko chosowa mafuta. Pali mabokosi achitsulo amene amang'ung'udza tsiku lonse. Kupatula zimenezo, ndi nkhosa zikamadzula udzu, simumveka kanthu. Tsiku limatha osalankhula ndi munthu, moti anayamba kulankhula ndi nkhosazo, kuzidzudzula, kuziuza za mitambo.

Poyamba sankazindikira pamene ali, chifukwa mizere yonse ndi yofanana. Koma mvula yoyamba itagwa, pansi pa mzere wina panamera maungu. Anayang'ana phiri, anayang'ana denga la nyumba yawo, n'kuzindikira kuti pamenepo panali dzala la mayi Doreen. Kuchokera apo anayamba kupeza malo ena: apa panali chitsime, apa khola la a uje, apa pamene Zuwena anagwa n'kuthyoka dzino. Maunguwo anawatchinga ndi minga kuti nkhosa zisadye. Masana amakhala pomwepo kudya mbatata yawo, ndipo nthawi ya swala ikakwana amayala chitenje pomwepo.

Alendo amabwerabe ku Nakoma, koma ndi ena. Amabwera pa mabasi, ophunzira a m'makoleji ndi akuluakulu ovala zipewa zachikasu zatsopano. A Stanford amawayendetsa m'mizere n'kumafotokoza. Akaona mayi Faida ndi nkhosa amatulutsa mafoni n'kuwajambula, ena osapereka ndi moni. Palibe amakhala pansi, ndipo phiri limene lili pamwamba pawo palibe amalifunsa.

Tsiku lina ali mkatimo foni inalira. Anali a Bilal, pa nambala yachilendo, ndipo inali foni yoonana nkhope. Anali atanenepa, ndevu zitachita imvi. Anafunsa za Zuwena ndi mdzukulu, anadandaula za kuzizira ndi za mapepala. Kumbuyo kwawo kunkamveka mwana wamng'ono akulira ndi mawu a mkazi akumutonthoza m'chilankhulo china. Mayi Faida sanafunse.

“Muli kuti kodi, amake Zuwena? Kumbuyo kwanuko ndi chiyani?”

Anatembenuza foni pang'onopang'ono kuti aone mizere yonse.

“Mwapita ku tauni?”

“Ayi, abambo a Zuwena. Ndaima pamene panali mkuyu.”

A Bilal anayang'anitsitsa mizereyo. Kenako anati abwera pa Idi, foni n'kuduka. Idi inafika, mayi Faida anaphika mpunga wa anthu awiri. Wotsala anakapatsa mlonda wa pa geti.

Chaka chathachi, nyengo yozizira ili pafupi kutha, galimoto imene ankaidziwa inaima pansi pa mango. Anatsika a Geoffrey okha, ataonda, akuyenda ndi ndodo. Mayi Sophie anali atamwalira mvula isanathe. Mayi Faida anawapepesa n'kukhala nawo pakhonde.

“Ndikufuna ndikwereko kamodzi, mayi,” anatero a Geoffrey. “Anyamata a ku Boma aja amathamanga. Mungandiperekeze?”

Linali Loweruka, nkhosa anazisiya m'khola ndi udzu womweta. Anakwera galimoto mpaka mbali ina ija n'kuyamba kukwera njira imene onse awiri sankaidziwa bwino. Inali yotsetsereka kwambiri, yopanda mthunzi, chifukwa mbali imeneyo mitengo inatha kalekale. Ankapuma pafupipafupi. Mawondo a mayi Faida nawo sanalinso akale. Pamwamba penipeni sanafike. Anakhala pathanthwe lina pamene mbali ya Nakoma inkaonekera.

Kuchokera pamenepo munda wa mapanelo unkaoneka ngati chinsalu chakuda choyalidwa m'munsi mwa phiri, cha ngodya zowongoka, ndipo pamene dzuwa linkamenya panali posayang'anika.

“Aononga,” anatero a Geoffrey. “Akazi anga akanalira. Kudambo kuja n'kumene ankaonera mbalame zawo.”

Mayi Faida anayang'ana kumene kunali dambo.

“Mwana wa Zuwena anabadwira powala,” anatero.

“Ndikudziwa, mayi. Kwathunso magetsi sakuzimazima ngati kale. Ndikafika kunyumba ndikayatsa, ndikaphika tiyi. Koma ndikayang'ana apa mtima ukundiwawa.”

“Inenso umandiwawa. Koma ndimalowamo m'mawa uliwonse.”

A Geoffrey anatulutsa magalasi a akazi awo aja m'chikwama n'kuwapatsa. Mayi Faida anapeza denga lawo, laling'ono, lofiira ndi dzimbiri, m'mphepete mwa chakudacho. Pabwalo panalibe chikuyenda. Anakweza magalasiwo kuyang'ana chakutali, kumene ankaganiza kuti ndi ku Namitambo, koma kunali utsi wa moto wa m'tchire ndipo madenga onse ankafanana. Anabweza magalasiwo. Potsika a Geoffrey anatereka kawiri, ndipo mayi Faida anawagwira mkono mpaka pagalimoto. Atawasiya pakhomo a Geoffrey anati adzabweranso, koma m'mene ankayendera, mayi Faida sanayembekeze.

Mwezi watha a Stanford anabweranso pakhonde. Anakhala pampando womwe uja n'kunena kuti kampani ikufuna kukulitsa malo. Mapanelo pamiyalapo sangaikepo, koma akufuna kumangapo nyumba yosungiramo mabatire.

“Nthawi ino nyumba yanu ili mkati, mayi. Chipepeso chilipo. Koma ndawauza kuti ndiyambe ndamva kwa inu. Mukakana, akhoza kumanga mbali ya kumsewu.”

“Nanga nkhosa?”

“Mukakhala pafupi muzibwera nazo. Mukapita kutali, tiona wina.”

Zuwena atamva anaimba foni tsiku lomwelo. “Amayi, bwerani ku Bangwe. Mukudikira chiyani kumeneko? Ababa sabweranso, mukudziwa.”

“Ndikudziwa, mwanangu.”

“Ndiye?”

“Ndikaone kaye amayi ako a Doreen.”

Anakwera njinga yamoto Lamlungu masana, atanyamula dzungu limodzi la padzala lija. Anali atapitako kawiri kokha chisamukire anzawo. Anapeza nyumba ya njerwa zootcha, mpopi pabwalo, ndi kaokala kamene mayi Doreen amagulitsamo sopo ndi mchere. Mayi Doreen anawakumbatira, anaitana ana kuti agwire nkhuku, n'kutumiza kwa shehe wa pafupi kuti akazinge. Dzungu analilandira akuseka, osakhulupirira kuti dzala lawo likubalabe.

Koma pakhondepo panali amayi ena atatu a kumphakati wa tchalitchi chawo, ndipo nkhani zimene ankakamba zinali za anthu amene mayi Faida sankawadziwa. Ankati akayamba kufotokoza za nkhosa, wogula amaitana kuokala, mayi Doreen n'kunyamuka. Dzuwa litapendeka ndi pamene anatsala awiri.

“Achemwali, kuno malo angapezeke?” anafunsa mayi Faida.

Mayi Doreen anaganiza. “Pafupi pano anatha. Anthu a kwathu aja anagula onse. Alipo kutsidya kwa mtsinje, koma mvula ikagwa sikuwolokeka. Kapena mudzakhale m'chipinda cha kuseliku. Mdzukulu wanga akapita kusekondale chikhala chopanda munthu.”

“Ndi nkhosa zanga?”

“Nkhosazo mugulitse. Mwakalamba, amake Zuwena, muzipuma.”

Ananena mwachikondi, ndipo mayi Faida anadziwa kuti chipindacho akanawapatsadi. Anayang'ana bwalo la eni ake, mpopi, amayi aja akubwerera kudzatenga mabuku awo a nyimbo. Anati akaganiza.

Anafika kwawo dzuwa lisanalowe. Mlonda anawauza kuti nkhosa imodzi yakhala ikulira chichokereni iwo. Atalowa m'khola anapeza yaswa, kamwana kali chilili, miyendo ikunjenjemera, make akukana kuyamwitsa. Anavula chitenje chapaulendo, anagwada, anapanikiza nkhosayo kuchipupa ndi phewa mpaka kamwanako kanapeza bere.

Mayi Faida sanawayankhebe a Stanford. Anawauza kuti adikire nandolo wa kuseli aume, akolole, ndiye adzanena. A Stanford anavomera. Nandoloyo wayamba kale kuuma, ndipo m'mawa uliwonse mayi Faida amadutsa pambali pake popita kukatsegula khola.